Mafunso Anu: Tikudina Junk mpaka zala kuwawa, bwanji spam yomweyo ikubwerabe?

Mwezi uno makalata ambiri amene mwatumiza akuzungulira pa kabatani kamodzi, kaja kolembedwa Junk kapena Spam pa imelo. Ndasankha asanu, ena ndawafupikitsa chifukwa enanu mukayamba kulemba simudziwa poimira.

FUNSO: Achimwene, ine ndimasamala seva ya imelo pa kaofesi kathu, tilipo anthu ngati 30. Seva yake ndi ya Postfix, yolandira ndi kutumiza makalata, ndi Dovecot, yowafikitsa mmafoda a anthu, ndipo yosefa spam ndinaikapo SpamAssassin. Ndinawauza anzanga onse kuti mukaona uthenga wachabechabe muzidina Junk seva iziphunzira, nde akhala akudina miyezi itatu tsopano koma mauthenga omwe aja, oti mwawina mphoto, oti akaunti yanu itsekedwa lero, akungofikirabe mu Inbox ngati palibe chimene tikuchita. Abwana ayamba kundiyang'ana ndi diso lina. Kodi chinthuchi chimaphunziradi kapena ndakhala ndikunamiza anthu? Ndine wosamala seva wothedwa nzeru.

YANKHO: Achimwene musakhumudwe, koma eee, miyezi itatu yonseyi mwakhala mukuwanamiza, mosadziwa. Batani la Junk lija ntchito yake ndi imodzi basi, limanyamula uthenga kuuchotsa mu Inbox nkukauponya mu foda ya Junk. Zathera pomwepo. SpamAssassin siiuzidwa kanthu. Iyo imagwira ntchito pa nthawi imene uthenga ukulowa kumene pa seva, imaununkhiza, kuupatsa malikisi, nkuusiya upite, ndipo zimene anthu akauchite pambuyo pake mmafoda mwawo siizionanso ayi. Anthu amasokonezeka chifukwa anazolowera Gmail, kumene ukadina zimakhala ndi mphamvu, koma kumeneko a Google anachita kulumikiza okha zinthuzo. Pa seva yodziikira wekha wolumikiza ndiwe.

Musanagwire china chilichonse, zungulirani pa makompyuta a anzanuwo muone kuti imelo yawo anaiika pa IMAP kapena POP3. Izi anthu amazidumpha koma ndi pamene pagona nkhani. Wa POP3 amakoka mauthenga kuwatsitsira pa kompyuta yake, foda yake ya Junk ili pa kompyuta yake yomweyo, seva siidziwa nkomwe kuti ilipo, ndiye adine ngakhale kasauzande palibe chimene chifike kwa inu. Wa IMAP yekha ndi amene mafoda ake amakhala pa seva. Komanso amene ali pa Thunderbird, iyo ili ndi sefa yakeyake imene imaphunziradi akadina, koma nzeru zakezo zimakhala pa kompyuta imeneyo basi, mnzake wa tebulo lapafupi sapindula nazo. Chinanso, onani dzina la foda. Mupeza wina ali ndi Junk, wina Spam, wina Junk E-mail yoti inabwera ndi Outlook, mwina munthu mmodzi ali nazo zonse zitatu. Mu Dovecot sankhani imodzi muipatse chizindikiro cha special_use \Junk kuti mapulogalamu amene amatsatira chizindikirochi aziponyera malo amodzi.

Tsopano kuphunzirako kumayenda bwanji. Gawo la SpamAssassin limene limaphunzira amalitchula Bayes, dzina la Thomas Bayes, mbusa wa ku England amene masamu ake anasindikizidwa mu 1763 iye atamwalira kale. Amene anatchukitsa masamu amenewa pa nkhani ya spam ndi Paul Graham, mu nkhani imene analemba mu 2002. Nzeru yake ndi yosavuta. Uthenga uliwonse umaduladulidwa tizidutswa, mawu a mkati, mawu a pa mutu, maadiresi, ma link, ngakhale zolembedwa mu ma header, mizere ya pamwamba pa uthenga imene inu simuiona, nde pa kachidutswa kalikonse makina amangowerenga kuti aka ndakaona kangati mu spam, nanga kangati mu mauthenga abwino. Mauthenga abwinowo anthu a zaseva amawatchula ham. Uthenga watsopano ukafika imatenga tizidutswa take, kuyang'ana mu kaundula wa ziwerengero zija, nkunena kuti uwu ukufanana kwambiri ndi mulu uti. Siimva Chingerezi, siimva Chichewa, imangowerengera, nchifukwa chake imatha kuphunzira chilankhulo chilichonse bola muipatse zitsanzo.

Chida chophunzitsira ndi sa-learn. Mukalemba sa-learn --spam nkuiloza ku foda ya Junk imaphunzira kuti izi ndi zinyalala, mukalemba sa-learn --ham nkuiloza ku mauthenga abwino imaphunzira mbali inayo. Njira yachidule imene ambiri amayamba nayo ndi kuika cron, kapulogalamu koyendetsa malamulo pa nthawi yoikika, yoti usiku uliwonse izidutsa mu mafoda a Junk a anthu onse. Imagwira, sindikana, koma ineyo sindiikonda, ndipo chifukwa chake ndi ichi: mu foda ya Junk simukhala zimene anthu aponyamo zokha, mumakhalanso zimene sefayo yaponyamo yokha. Ikalakwitsa masana nkuponyamo uthenga wabwino, mwini wake osauona, usiku cron ibwera kudzaiuza kuti unachita bwino, uwu ndi spam ndithu, mawa ilakwitsa molimba mtima kuposa dzulo.

Njira imene ndingakulangizeni ndi IMAPSieve, imene imabwera ndi Pigeonhole ya Dovecot. Dzina loti Sieve likutanthauza sefa yomweyo. Iyi imadzuka pokhapokha uthenga ukasunthidwa kudzera mu pulogalamu ya imelo ya munthu. Mumaika malamulo awiri: uthenga ukalowa mu Junk kuchokera kwina, ka script kautumize kwa sa-learn ngati spam, ukatuluka mu Junk kupita kwina, kautumize ngati ham. Zimene sefa yaponyamo yokha pa nthawi yolandira sizidzutsa malamulo amenewa, nde siidziphunzitsanso zolakwa zake. Mukamafufuza pa intaneti mupeza malangizo akale a plugin yotchedwa antispam, isiyeni imeneyo inapuma ntchito, komanso onetsetsani kuti malangizo amene mukutsatira ndi a Dovecot yanu chifukwa 2.4 inasintha kalembedwe ka ma setting, za 2.3 mukangokopera sizidzuka.

Mukamaliza zonsezi musayembekezere zodabwitsa mawa lomwe. SpamAssassin mmene imabwerera, Bayes sayankhula kanthu mpaka ataona mauthenga a spam 200 ndi a ham 200. Onse awiri. Mukhale ndi spam 5000 koma ham 40, angokhala duu. Lembani sa-learn --dump magic muone manambala a nspam ndi nham, akuuzani pamene muli. Kuona maso a nkhono nkudekha, komabe mutha kufulumizitsa potenga mauthenga akale amene mukuwadziwa bwino nkuwaphunzitsa tsiku limodzi.

Ndipo pali msampha wina umene wagwira anthu ambiri, inenso unandigwirapo sabata yathunthu. Kaundula wa Bayes amasungidwa mu foda ya yuza amene wayendetsa lamulolo. Inu mumalowa ngati root, yuza wamkulu wa seva, kuphunzitsa bwinobwino, manambala kukwera, mtima mmalo, pamene sefa yeniyeni imene ikuyang'ana makalata ikuyenda ngati yuza wina, mwachitsanzo amavis, ndipo kaundula wake ndi wopanda kanthu. Mwakhala mukuphunzitsa mwana wa eni wanu ali kunyumba. Tsegulani uthenga umodzi muone header ya X-Spam-Status, ngati simukuonamo mawu oyamba ndi BAYES_ ndiye kuti mwina simunafike pa 200 paja kapena mukuphunzitsa kaundula wolakwika. Yendetsani sa-learn ngati yuza yemweyo, apo ayi ikani bayes_path imodzi ya seva yonse.

Chomaliza kwa inu, Bayes si woweruza yekha. Uthenga umatchedwa spam malikisi ake akafika 5.0, ndipo BAYES_99, kutanthauza kuti Bayes watsimikiza ndithu, imangopereka pafupifupi 3.5, otsalawo amachokera ku mayeso ena monga mindandanda ya ma seva odziwika ndi spam. Nde mukaona uthenga uli ndi BAYES_99 koma wadutsabe, sikuti siinaphunzire, malikisi ndi amene sanakwane. Mutha kukweza malikisi a BAYES_99 mu local.cf, fayilo ya ma setting a SpamAssassin, koma dikirani kaye mukhulupirire kaundula wanu.

FUNSO: Akulu, ife tili pa Rspamd, yosefa spam ina ngati SpamAssassin, ndipo zolumikiza batani la Junk ndi seva ndinapanga kale, zimayenda bho miyezi iwiri yoyamba. Pano zatembenuka, ma invoice a makasitomala enieni akukagwera mu Junk, sabata yatha tinatsala pang'ono kuluza oda yaikulu chifukwa palibe anaiona. Ndifufute zonse ndiyambirenso? Ndine mayi wa ku IT.

YANKHO: Mayi, musafufute kaye, tiyeni tione chimene mwaidyetsa. Sefa siipenga yokha, imatengera aphunzitsi ake, ndipo aphunzitsi ake ndi anthu a mu ofesi mwanumo amene batani la Junk amaligwiritsa ntchito mmene akufunira iwowo.

Ndikuuzeni zoona, kwa anthu ambiri Junk sikutanthauza kuti uwu ndi uthenga wa akuba. Kumatanthauza kuti zanditopetsa. Kalata ya mwezi ndi mwezi imene analembetsa yekha chaka chatha, Junk. Chikumbutso cha ngongole, Junk. Wa ku akaunti wamukwiyitsa, Junk. Wina amangoona kuti batani la Junk lili pafupi kuposa la Delete basi. Tsopano ganizani, munthu mmodzi wa ku malonda amene safuna kuona ma invoice chifukwa si ntchito yake akamawaponya mu Junk tsiku ndi tsiku, ndipo kaundula wanu ndi mmodzi wa seva yonse, sefa ikuphunzira kuti mawu oti invoice, dzina la kampani ija, ngakhale seva imene amatumizira, zonsezo ndi fungo la spam, nde amene akulira ndi wa ku akaunti amene ma invoice omwewo ndiye ntchito yake. Kuwonjezera apo a spam enieni nawonso amakonda kunamizira ma invoice, ndiye mawu amenewa amakhala ali kale pa malire.

Chachiwiri, ndikukayika ngati mbali ya ham ikuphunzitsidwa mokwanira. Anthu amadina Junk mosavuta koma ndi angati amene amatsegula foda ya Junk kukapulumutsa uthenga wabwino? Ochepa zedi. Mulu wa spam umangokula, wa ham uli pomwepo, mapeto ake sefa imayamba kukayikira aliyense. Lembani rspamc stat muone kuti mbali ziwirizi zaphunzira mauthenga angati. Sizifunika kufanana ndendende koma zikatalikirana kwambiri ndiye vuto lanu ndi limenelo.

Chochita, pitani mu ma log mupeze amene akuphunzitsa spam kwambiri ndi zimene akuphunzitsazo, sizitenga nthawi mumupeza. Kenako tengani ma invoice amene analakwiridwa aja muwaphunzitsenso ndi rspamc learn_ham, pamodzi ndi mauthenga ena abwino a masiku ano, osati a zaka zisanu zapitazo chifukwa kalembedwe ka makalata kamasintha. Makasitomala akuluakulu amene simungafune kuwataya aikeni pa mndandanda wa odalirika, koma chonde muumangirire ku DKIM kapena SPF, njira zotsimikizira kuti uthenga wachokeradi kumene ukunena, osati adiresi yokha, chifukwa adiresi ya wotumiza aliyense atha kuinamizira.

Funso lenileni limene mukuyenera kuliganizira ndi loti kaundula akhale mmodzi wa onse kapena aliyense wake. Rspamd imalola zonse ziwiri, pali setting ya per_user. Wa aliyense payekha ubwino wake ngwoti zokonda za wina sizipweteka mnzake, koma kuipa kwake aliyense akuyenera kufika yekha pa mauthenga 200 mbali zonse, ndipo mu ofesi yaing'ono ambiri sadzafikapo mpaka kupuma ntchito. Ine maganizo anga, pa anthu ochepa khalani ndi kaundula mmodzi koma musalole aliyense kukhala mphunzitsi. Sankhani anthu atatu kapena anayi osamala, ka script kaja kaziyang'ana dzina la yuza, akakhala mmodzi wa iwowo kaphunzitse, akakhala wina uthenga ungopita mu Junk mwake mwakachetechete. Sadziwa nkomwe, ndipo palibe amene mwamulanda kanthu.

Pali kanthu kenanso koti mukaone lero lomwe. Lamulo lija loti uthenga ukatuluka mu Junk uphunzitsidwe ngati ham, kodi munapatulapo Trash? Munthu akamayeretsa foda yake ya Junk mapulogalamu ambiri amasamutsira mauthengawo ku Trash, ndipo kwa Dovecot kumeneko ndi kutuluka mu Junk basi. Mukapanda kuika mzere woti kopita kukakhala ku Trash usaphunzitse kanthu, munthu mmodzi waukhondo atha kuuza sefa yanu kuti spam 300 ndi makalata abwino pa kudina kumodzi. Izi zimabweretsa vuto losiyana ndi lanuli, spam kudutsa, koma zonse ziwiri zikamachitikira limodzi kaundula amangosanduka chisokonezo. Mukapeza kuti zakhala choncho kwa miyezi, apo pokha ndingavomere kuti fufutani muyambirenso, mutakonzeratu milu iwiri yoyera yophunzitsira.

FUNSO: Bwanji ndingotsegula adiresi imodzi anthu azitumizako spam ndi Forward, makina aziphunzira kumeneko? Sizophweka? Ndine wophunzira za maseva.

YANKHO: Zophweka inde, koma mphwanga zikupweteka. Uthenga ukaupanga Forward umakhala uthenga watsopano, wotumiza ndiwe, wadutsa pa seva yanu, pansi pali siginecha ya ofesi yanu, ma header enieni a wa spam uja atayika. Nde sefa iphunzira kuti spam imachokera kwa anzako a mu ofesi. Ngati palibiretu njira ina, monga anthu ali pa POP3 ndipo akukana kusamuka, auzeni azitumiza uthengawo ngati attachment, iwe ulembe ka script komasula attachment nkuphunzitsa za mkatimo zokha. Koma kuphunzitsa anthu 30 kutumiza ngati attachment ndi ntchito yaikulu kuposa kuwasamutsira pa IMAP, yesa uone.

FUNSO: Pepani ine si wa zamakompyuta. A IT athu analengeza kuti tsopano seva iziphunzira kuchokera ku maimelo athu. Kodi ndiye kuti aziwerenga makalata anga? Ndine wodandaula.

YANKHO: Achemwali, kuphunzirako kumachitika ndi makina, palibe munthu amakhala pansi kuwerenga. Chimene chimasungidwa mu kaundula si kalata yanu, ndi tizidutswa tosanduka manambala ndi chiwerengero cha kangati taoneka, SpamAssassin inayamba kusunga choncho kuyambira pa 3.0, ndipo munthu sangatsegule kaundulayo nkuwerengamo uthenga wanu. Koma ndisakunamizeni, amene ali ndi makiyi a seva atha kutsegula bokosi la aliyense ngati atafuna, zophunzitsa sefazi zilipo kapena palibe. Zimenezo zinalipo kale. Imelo ya ku ntchito muziitenga ngati ya ku ntchito.

FUNSO: Achimwene, ine ndili pa Gmail ndipo makalata a makampani amene ndinalembetsa ndekha akanditopetsa ndimangodina Report spam. Mnzanga amene amatumiza makalata a bungwe lawo akuti ndikuwapweteka anthu osalakwa. Zoona zimenezi kapena akungondiopseza? Ndine wotopa ndi makalata.

YANKHO: Mnzanuyo sakunama. Pa maseva akuluakulu kudina kwanu sikuthera mu bokosi lanu, kumawerengedwa ngati dandaulo pa wotumizayo. Kuyambira February 2024 Google ndi Yahoo anakhwimitsa malamulo a otumiza makalata ambiri, kwa Google ndi amene amatumiza mauthenga 5000 kapena kuposa pa tsiku ku ma akaunti a Gmail. Akuyenera kukhala ndi SPF, DKIM ndi DMARC, zonse zotsimikizira wotumiza, akuyenera kuika njira yodzichotsera pa kudina kumodzi, ndipo madandaulo asafike pa 0.3 peresenti. Werengani bwino nambala imeneyo, ndi anthu atatu pa 1000 aliwonse. Nde inu ndi anzanu awiri otopa mukadina, makalata a bungwe lija atha kuyamba kugwera mu Spam ngakhale kwa anthu amene amawadikira.

Ndiye siyanitsani. Ngati munalembetsa nokha ndipo wotumizayo mukumudziwa, dinani Unsubscribe, Gmail imaionetsa pamwamba pafupi ndi dzina la wotumiza, ndipo malamulo omwewo amati akuchotseni pasanathe masiku awiri. Akapitiriza kutumiza mutadzichotsa, apo dinani Report spam ndi mtima woyera, adziputira okha. Koma uthenga umene simunaupemphe, wochokera kwa munthu wosamudziwa, makamaka aja ofuna pasiwedi kapena nambala ya khadi, musadine link ina iliyonse ya mkati mwake ngakhale yolembedwa Unsubscribe, chifukwa ena amaigwiritsa ntchito kutsimikizira kuti adiresi yanu ili moyo ndipo mumatsegula. Umenewo ndi wa Report spam, kapena Report phishing ngati ukunamizira banki.

Ndipo kamodzi pa sabata tsegulaniko foda ya Spam muone ngati mwagwera kalata yeniyeni, mukaipeza dinani Not spam. Musachedwe nazo, Gmail imafufuta yokha zimene zakhalamo masiku 30.